Dimba la pakhomo pa njobvu

Munthu wocokera ku Lusaka akapatuka kudzanja lamanja asanaoloke ulalo wa Luangwa, ndi kutsata mseu wopita ku Feira, amayenda ndi mtsinje kumanzere ndi mapiri kumanja. Midzi ya kwa Mfumu Mburuma ndi ya kwa Mfumu Mphuka inandanda pakati pa ziwirizi monga mikanda pa ulusi. Dziko lake ndi lotsika, lotentha ndiponso la miyala. Kumathero kwa mseuwo, pamene Luangwa athira mu Zambezi, ndiwo malo otsika koposa m'Zambia yense, mamita 329 cabe pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo m'mwezi wa Okutobala ngakhale mbuzi zimaleka kudya masana ndi kukaima pansi pa nkhokwe.

M'mudzi wina wa kwa Mphuka muli mkulu wina wa zaka zopitirira 60, mlimi ndiponso woluka mphasa, amene anatha miyezi itatu ya caka ca 2024 osagona tulo tabwino cifukwa ca dimba lake.

Dimbalo linali pamene khwawa lalikulu lituluka m'mapiri ndi kuyandikira mtsinje. Dzinja lililonse madzi anali kutsika ndi dothi lakuda ndi kuliyala pamenepo, ndipo ngakhale mu Seputembala munthu akakumba mkono umodzi anali kupeza cinyontho. M'dera lonselo munalibe nthaka ina yotero. Komabe atate ake a mkuluyu, amene anali kudziwa nthaka koposa iye, sanaikepo khasu moyo wao wonse. Iwo ndi anzao anali kupachula malowo kuti pakhomo pa njobvu, ndipo mwana akafunsa cifukwa cake pasalimidwa, anali kungomulozera mkwaso wosalala wotuluka m'khwawa, wodutsa m'bango ndi kukathera pamadzi.

Anthu a cigawo cino sadabwa nayo njobvu. Makolo a Acikunda anachuka cifukwa ca kusaka njobvu, ndipo dzina lakuti Feira ndi mau a Cipwitikizi otanthauza msika, pakuti pamenepo ndi patsidya pa Zumbo ndi pamene minyanga inali kusinthanidwa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Koma osaka akalewo sanaithe nyama. Amene anatsala pang'ono kuitha ndi a mfuti zankhondo. Mu 1973 akatswiri anawerenga njobvu 86,000 m'cigwa ca Luangwa, kumtunda kwa ulalo, ndipo zaka za m'ma 1980 zisanathe zinali zosakwana theka. Cipembere ndiye cinatheratu, kotero kuti mu 1998 cinalengezedwa kuti mulibenso m'dziko lino.

Mkwaso wa pakhomo pa njobvu unamera udzu. Tsono pamene cilala ca 1992 cinapsereza minda ya kumtunda, mkuluyu, amene panthawiyo anali bambo wa ana atatu ang'ono-ang'ono, anayang'ana bango lobiriwira lija, nayang'ananso nkhokwe yake yopanda kanthu. Atate ake anali atamwalira. Anatenga cikwanje. Palibe amene angamuimbe mlandu, pakuti caka cimeneco cimanga caciwisi ndi maungu a m'dimbalo ndizo zinapulumutsa banja lake ndi la mlongo wake wamasiye. Anamanga nyumba ya malata ndi ndalama za tomato wa pamenepo, ndipo ana anaphunzira sukulu ndi ndalama zomwezo.

Koma akale anati madzi saiwala khwawa. Kumadzulo kwa mapiri amenewa Boma linakhazikitsa paki ya Lower Zambezi mu 1983, malo a makilomita 4,092 m'bwalo lake lonse. Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa mu 1989. Olonda nyama anaculuka, ndipo njobvu zinayamba kubwerera, poyamba yamphongo imodzi-imodzi, pambuyo pake zazikazi ndi ana. Cimene cinamuzizwitsa mkuluyu ndi cakuti sizinafune njira yatsopano. Zinatulukira pa mwala womwewo umene atate ake anali kuloza, ndi kulowa m'cimanga monga munthu wolowa m'nyumba mwake.

Kwa zaka zambiri anali kulimbana nazo. Anamanga cilindo pamtengo, anali kuomba zitini, anali kufukiza tsabola wosakaniza ndi ndowe. Zaka zina anali kupambana. Ndipo kunafika caka ca 2024. Mvula inadula m'Januwale cimanga cisanabereke, ndipo pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse, popeza mahekitala pafupi-fupi 1 miliyoni a cimanga anali ataonongeka. Kwa Mphuka munda wa kumtunda sunapatse ngakhale dengu. Banja lonse linaika mtima pa dimba. Kumapiri nako maiwe anauma msanga, ndipo usiku wina m'Ogasiti, cimanga citangoyamba kukhwima, njobvu zisanu ndi ziwiri zinatsika. Za tsabola sizinasamale. M'mawa mwake akazi ake anaima pakati pa mapesi oswekawo, manja ali kumutu, osalira n'komwe.

Njobvu yaikulu imadya cakudya cokwana makilogalamu 150 pa tsiku. Lamulo la nyama za kuthengo la 2015 silinaike malipiro a munthu amene mbeu zake zadyedwa. Wolemba za ubwino wa nyama ayenera kuyamba wanena ziwirizi, apo ayi wa kumudzi adzapinda pepala ndi kukulungira fodya.

Mwana wake wamwamuna, amene anali atabwerako ku Lusaka nchito itatha, ndiye analankhula poyamba.

"Atate, mitengo ya tsanya ili m'khwawamo ndi makala okha-okha. Tiyeni tiidule tigulitse pamseu, tigule ufa. Khwawa likayera, njobvu zidzasowa pobisala, sizidzabweranso."

Mlongo wake anakana. Iye ndi mmodzi wa alonda a nyama a m'midzi, amene amalembedwa ndi bungwe la anthu a m'deralo loyang'anira za cilengedwe, ndipo anati njobvu sizitsata mthunzi koma malo oyendeka, ndipo zidzabwera ndithu ngakhale patatsala zitsa zokha.

"Iwe ungatero, pakuti malipiro ako acokera kwa njobvu," anatero mnyamatayo. "Anthu a ndalama anafuna kukumba mgodi m'kati mweni-mweni mwa paki, ndipo mukuti ine ndi nkhwangwa yanga ndine ndidzaononga dziko?"

Za mgodi sananame. Mkangano wa mgodi wa kopa wa Kangaluwi, m'mapiri a m'pakiyo, unatha zaka zoposa khumi, kufikira bungwe la ZEMA linafafaniza cilolezo cake mu 2023. Koma pa za khwawa mtsikanayo ndiye anali kunena zoona.

Njobvu siyenda ciyende-yende. Yamphongo yaikulu ifika makilogalamu 6,000, ndipo kukweza thupi lotero pacitunda ndi nchito yodya mphamvu. Akatswiri atatu, Jake Wall, Iain Douglas-Hamilton ndi Fritz Vollrath, analondola njobvu za kumpoto kwa dziko la Kenya zobvekedwa malamba a m'khosi oonetsa kumene zapita, ndipo mu 2006 anafalitsa zimene anapeza. Njobvu zimalambalala zitunda zoimirira ngakhale pamwamba pake pali msipu wabwino, pakuti ikakwera mamita 100 iyenera kudya theka la ola loonjezera kuti mphamvu ibwerere. Ndiye kuti pakati pa mtsinje ndi nkhalango za pamwamba pa mapiri, njira zoyenera njobvu ndi zowerengeka: khwawa lokwera pang'ono-pang'ono, msana wa phiri wosatsetsereka, mpata wa pakati pa mapiri awiri. Njira zimenezi zinalipo midzi isanamangidwe, ndipo sizisamuka.

Kumapeto kwa Seputembala a nyakwawa anaitanitsa msonkhano pansi pa mbwemba. Nkhani yake inali yakuti khwawalo, kucokera kumapiri kufikira kumadzi, lisiyidwe lopanda munda, lopanda ng'anjo ya makala ndi lopanda msampha, ndipo madimba asonkhanitsidwe mbali imodzi kumene anthu angathe kulondera pamodzi. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola anthu a m'midzi kupatula nkhalango yao ndi kuiyang'anira okha. Ambiri anabvomera msanga, ndipo kubvomera kunali kopepuka kwa iwo, popeza madimba ao anali kale kutali ndi mkwaso. Dimba limodzi lokha ndilo linali pakati peni-peni. Maso onse anatembenukira kwa mwini wake. Iye anati adzayankha akaganiza, natenga mpando wake ndi kupita.

Anthu a kumidzi amafunsa funso labwino pa nkhani zotere. Amati, ngati nyama zili ndi paki yao yaikulu, cifukwa ninji zifunanso njira m'dziko la anthu? Yankho lake lili m'kusintha kwa nyengo kumene mlimi aliyense wakuona ndi maso. Kuyambira 1960 kutentha m'Zambia kwakwera kuposa digiri imodzi, ndipo cigwa cotsika monga ici ndico cimayamba kumva. Munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika madigiri asanu ndi limodzi. Mapiri a kumpoto kwa Zambezi afika pamwamba potero, ndipo kumeneko kuli nkhalango za mombo ndi msuku, kuli mphalapala ndi cilembwe zimene sizipezeka m'mphepete mwa madzi. M'makwawa akuya ndi m'mbali za mapiri zoyang'ana kumwera, kumene dzuwa silikhalitsa, cinyontho cimacedwa kuuma. Caka ca mvula nyama zimakwera kukadya kumapiri, m'cilimwe zimatsikira kumtsinje, ndipo caka coipa zimafuna malo onse awiri m'sabata imodzi. Malire a paki analembedwa papepala nyengo ili ina. Nyama ikatsekeredwa kumtsinje imadya mitengo ya kumeneko kufikira itatha, ikatsekeredwa kumapiri imafa ndi ludzu.

Mitengo nayo ifunika kusamuka, koma ilibe miyendo. Mombo umaphulitsa makoko ake dzuwa likatentha, ndipo njere zimagwa mapazi owerengeka cabe kucokera patsinde. Mfula, bwemba, msangu, mlambe ndi masau zili ndi nzeru ina, zimalipira wonyamula ndi cipatso. Njobvu ikadya zipatso m'cigwa lero, mawa kapena mkuca imakasiya njere makilomita ambiri kutsogolo, zitakutidwa kale m'manyowa. Anyani ndi mbalame nazo zimacita nchito yomweyo m'njira yomweyo. Nkhalango ya paphiri ikazingidwa ndi minda ndi zitsa mbali zonse imasanduka cilumba. Moto kapena cilala cikapha mtundu wina wa mtengo kapena wa nyama, palibe kocokera wina wodzalowa m'malo, ndipo nyama zotsalazo zimakwerana paubale kufikira mbeu yao itafooka.

Pa cifukwa ici akatswiri awiri a ku Arizona m'dziko la America, Paul Beier ndi Brian Brost, analangiza mu 2010 kuti posankha njira zosungira nyama, anthu asamangoyang'ana kumene nyama ili lero, pakuti mawa nyengo idzaisuntha. Ayang'ane maonekedwe a dziko, ndiwo makwawa, misana ya mapiri, zitsetse ndi mbali za mthunzi, zimene zidzakhala momwemo mvula iculuke kapena icepe. Anafika pa nzeru imeneyi ndi makompyuta ndi mapu. Atate ake a mkulu wa kwa Mphuka analibe zonsezo, koma malo amene anakana kulima ndi omwewo amene mapu otere angasonyeze.

Ku Kenya anayesa. Anasiya njira ya makilomita 14 yolumikiza nkhalango ya paphiri la Mount Kenya ndi ya Ngare Ndare kumunsi, naboola ngalande pansi pa mseu waukulu wa galimoto, ndipo mu Januwale 2011 njobvu zinayamba kupita m'ngalandemo. Koma njira imeneyo inachingidwa ndi waya wa magetsi mbali zonse ziwiri, wogulidwa ndi ndalama za mabungwe, kotero kuti mlimi wa m'mbali mwake amagona m'nyumba. Kuno nako zilipo zolembedwa. Mu Julaye 2024 maiko a Zimbabwe, Mozambique ndi Zambia anasainirana ku Harare pangano la ZIMOZA, losunga pamodzi cilengedwe ca dera limene maiko atatuwa akumana, ndipo boma la Luangwa lili m'kati mwake. Ndi pangano loyenera, pakuti njobvu imasambira Zambezi osafunsa ciphaso. Koma njira ya nyama yolembedwa ku Harare, ikafika pansi imapita m'munda mwa munthu amene ali ndi dzina ndi ana, ndipo kawiri-kawiri amene alipira mtengo wake ndi iyeyo yekha.

Mkuluyu za Arizona ndi Kenya sanazimve. Cimene anacita ndi kudzuka tambala woyamba tsiku lina m'Okutobala ndi kuuza mwana wake wamkazi kuti amuperekeze. Anali asanakwere khwawalo kwa zaka zoposa makumi awiri.

Kumunsi mitengo ya tsanya inali yopanda tsamba, nyenje zili kulira ngakhale dzuwa linali lisanatuluke bwino. Mkwaso unali wosalala ndi wolimba monga pabwalo. Anaona kuti sunalunjike citunda ngakhale pamodzi. Pofika pa thanthwe unali kukhota, kuoloka mcenga, ndi kukwera mbali ina mwaulesi, kotero kuti iye ndi maondo ake okalamba sanapume kawiri. Makungwa a mitengo ya m'mbali anali osalala ndi opakika matope pamwamba kuposa mutu wake. Anaswa ndowe youma ndi ndodo, napeza njere za masau ndi za msangu zili mbwee. Atakweza maso anazindikira cinthu cimene anali kuciona ali mwana koma osaciganizira: mitengo ya masau, imene akazi a m'mudzi amatola zipatso zake ndi kuyanika kuti agulitse pa ulalo, inali itandanda m'mbali mwa mkwaso monga yobzalidwa ndi munthu.

Pakati pa ulendo anapeza zitsa ndi ng'anjo yakale ya makala. Mwini wake sanadziwike. Pamenepo gombe linali litagumuka, mcenga uli woyera ndi wotentha, ndipo mtsikanayo atakumba kufikira m'cigongono sanapeze kanthu. Mapazi a njobvu anapita pakati pa zitsazo osapatuka. Atate sananene kanthu, mwana nayenso sanafune kukumbutsa za mau a mlongo wake.

Kumtunda, kumene khwawa lipanikizika ndipo mitengo ikumana pamwamba, anapeza maenje atatu m'mcenga, okumbidwa ndi njobvu, m'kati muli madzi oyera. Njuci zinali kumwa m'mphepete, njiwa zili pamzere panthambi, ndipo pansi panali mapazi a ngoma, a nguluwe ndi a nyalugwe. M'caka cimene zitsime zina za m'midzi zinauma, apa nyama zonse za phirilo zinali kumwa pa citsime ca mkumbi mmodzi. Anagwada namwa ndi manja.

Ali cigwadire anakumbuka Malichi wa 1978. Panthawiyo banja lao linali kukhala kufupi ndi Kavalamanja, m'mphepete mwa Zambezi, pamene ndeke ndi asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA. Anthu anabalalika. Amai ake anatenga ana ndi kulowa nao m'khwawa lina longa lomweli, natsata mkwaso wa njobvu. Pambuyo pake anawafunsa cifukwa cake anasankha njira yoopsa yotero. Amai anati njira ya njobvu mwana angathe kuyendamo, ndipo siilephera kufika pamadzi.

Dzuwa lili pamutu anatulukira pamwamba. Mombo unali utaphuka masamba ofiira atsopano mvula isanagwe, monga ucitira caka ndi caka, masuku ali kuyamba kupsa, ndipo kamphepo kanali kozizira kotero kuti anabvalanso malaya amene anabvula m'njira. Poyang'ana kumbuyo anaona khwawa lonse ngati cingwe cobiriwira pakati pa dziko lotuwa, ndipo kumapeto kwake, pafupi ndi madzi, kadontho ka dimba lake katatseka pakamwa monga cotsekera pa botolo.

"Mwana wanga, kodi ndikacoka, adzandipatsa ciani?"

"Malo ena, atate. Za ndalama sindinganame, palibe wandiuza."

"Malo a miyala aja."

"Omwewo."

Anatsika osalankhulanso. Patapita masiku anai anapita kwa a nyakwawa ndi kunena kuti dimba alisiya, koma bango likamera pamenepo likhale lake, adzidula yekha. A nyakwawa anabvomera pamaso pa mboni.

Kunyumba nkhaniyo sinalandiridwe. Akazi ake anati, "Inu atate ake ana, zaka makumi atatu tadya pamenepo. Lero mwapatsa nyama mbale yathu, ndipo amene anaomba m'manja pamsonkhano adzatipatsa ufa kodi?" Funso limeneli silinayankhidwe, ndipo kufikira lero lili comweco. Mnyamata uja m'khwawa sanadulemo, koma anabwerera ku Lusaka Khirisimasi isanafike, osatsazika bwino.

Dimba latsopano lili m'mphepete mwa mtsinje, pamzere umodzi ndi a anzake. Nthaka yake ndi yosaya, ndipo madzi ndi otunga ndi ndowa, maso ali pa ng'ona. Amuna amalondera mosinthana, kotero kuti tsopano amagona m'cilindo usiku umodzi pa sabata m'malo mwa usiku uliwonse. Mvula ya 2025 inagwa bwino ndipo munda wa kumtunda unabereka, koma tomato wa m'dimba sanafike ngakhale theka la wakale. Njobvu zinapita m'njira yao cilimwe conse. Usiku wina kamphongo kena kanapatuka ndi kutha maungu a mnansi wake, ndipo m'mawa mwake mnansiyo anabwera kudzafunsa, mwaukali ndithu, ngati ici ndico anagwirizana pansi pa mbwemba.

Bango linabwerera msanga kuposa mmene anthu anali kuganizira. Akazi ake amapachulabe malowo kuti dimba lathu, ndipo sapitako. Iye amapita dzuwa litakwera pang'ono. Amaima pa mwala uja, ndi kuwerenga mapazi olowa ndi otuluka, ndipo akaona kuti zonse zabwerera kumapiri amalowa ndi cikwakwa cake. Mphasa zake amazitumiza pa ulalo wa Luangwa Lacisanu lililonse, pa galimoto ya nsomba.